Nthano Zopanda Ankhoswe

Ana anga, inu mumandidziwa ngati mphunzitsi chifukwa ndiyo ntchito imene ndinapumira. Koma sindinayambe ndi choko. Ntchito yanga yoyamba inali yowerengera mkazi wa mzungu mabuku a chikondi pakhonde. Zina mwa izi ndazitenga m'timabuku timene ndinkalembamo za tsiku ndi tsiku, chizolowezi chimene ndinachiyamba kusukulu popeza pakamwa panga panali polemera. Zina ndangozikumbukira.

1931

Bambo anamwalira mvula itangoyamba. Ine ndinali ku sukulu ya atsikana ya amishoni ku Makwasa, ndipo atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ndiwo anabwera kudzanditenga. Panjira anandiuza kuti sindibwereranso. Nyumba yathu inali pamalo a esiteti ya tiyi. Makolo athu atachoka kwa Apwitikizi anapatsidwa pomanga ndi polima, koma nyumba iliyonse inkayenera kupereka munthu wogwirira ntchito mzungu. Ndilo thangata limene mumalimva lija. Nyumba ikasowa munthu wotero, kapitawo ankabwera ndi anyamata ake kudzasasula denga ndi kuzula chimanga. Amayi anali ndi chifuwa chosatha, moti sakanatha kukwera mapiri aja m'mame dengu lili kumsana. Azing'ono anga awiri anali asanakule. Panatsala ine.

Atsibweni anamva kwa wophika wa kunyumba yaikulu kuti a Dona, mkazi wa mwini esiteti, akufuna mtsikana wodziwa Chizungu. Maso awo anafooka atadwala malungo aakulu: munthu ankamuona ngati chithunzithunzi, koma zilembo ayi. Tinapita. Anandipatsa buku, ine n'kuyamba kuwerenga mawu akuthera pakhosi.

"Kweza mawu," anatero a Dona. "Suli pamaliro."

Ndinakweza pang'ono, ndipo anati ndiyambe tsiku lomwelo. Mwamuna wawo, amene antchito ankamutcha Bwana Mawa chifukwa chilichonse chimene ungamupemphe yankho lake linali "mawa", anavomera kuti ntchito yanga iziwerengedwa ngati thangata la nyumba ya amayi. Kuyambira pamenepo denga lathu linatsamira pa mawu anga aang'onowo.

M'mawa ndinkasita ndi kusoka. Masana a Dona ankakhala pampando wansungwi, nkhope atalozetsa kuminda ya tiyi imene sankaiona, ine pakampando pafupi ndi mapazi awo. Mabuku ankabwera m'mabokosi kuchokera kwawo, ndipo pafupifupi onse anali a mtundu umodzi: mtsikana wapita kutchuthi, wakumana ndi mwamuna. Amishoni anatiphunzitsa kuti nthano zopeka ndi mabodza ovala jekete, choncho masabata oyamba ndinkapemphera ndisanatsegule buku. Ndikafika pamene anthu akupsompsonana ndinkalumpha mizere.

"Walumpha, Dorika."

"Iyayi, Dona."

"Anali pamlatho, tsopano akumwa tiyi. Anafika bwanji kutiyi? Bwerera."

Ndinkabwerera, makutu akutentha. Iwo ankaseka pang'ono, ndipo kunali kuseka kokhako kumene ndinkakumva m'nyumba imeneyo.

1932

Chaka chimenecho tiyi anagwa mtengo. Phoso, ufa ndi nyemba zimene antchito ankalandira, linachepetsedwa, ndipo mchere unkasowa miyezi. Dzombe nalo linadutsa m'minda ya anthu. Kunyumba yaikulu njala siinafike, koma mabokosi a mabuku analeka kubwera. Tinayamba kubwereza akale. Buku ukaliwerenga kachiwiri ndi kachitatu umaleka kuthamangira mapeto, umayamba kuona mmene analimangira, monga mmene umaonera nsichi ndi phaso nyumba ikagumuka dothi. Ndinaona kuti onse anamangidwa mofanana. Mtsikana amachoka kwawo kupita kunyanja kapena kumapiri, nthawi zambiri pa Khirisimasi. Kwawo amasiya mwamuna wabwino koma wotopetsa. Mlendo amene adzam'konde amayamba wam'kwiyitsa. Kenako kumagwa mvula kapena chipale chofewa, awiriwo n'kutsekeredwa m'kanyumba kopanda munthu wina. Zikayamba kukoma, mtsikana amamuona mwamunayo ali ndi mkazi wina, amalira, amamanga katundu. Tchuthi chimatha. Tsamba lomaliza ndi la kusiteshoni: wina akuthamanga, sitima ikulira.

Lamlungu masana ndinkachapa kumtsinje pamodzi ndi amayi othyola tiyi. Ankandiseka kuti ndimalandira ndalama chifukwa chokhala pansi. Wotsogolera kuseka anali mayi Filesi, mkazi wamtali wa zala zakuda ndi utomoni wa tiyi, amene mwamuna wake anapita ku Halale n'kutchona komweko.

"A Misisi afika," ankatero. "Tatiuzani, azungu anu aja akwatirana?"

Tsiku lina ndinalimba mtima n'kuwafotokozera buku limodzi m'Chinyanja. Sindinayambe ndalankhulapo nthawi yaitali choncho pagulu. Kuchapa kunaima.

"Dikira kaye," anatero mayi Filesi. "Mtsikanayu wapita kunyanja kukatani?"

"Kukapuma."

"Watopa ndi chiyani?"

"Buku silinanene."

"Nanga kumunda wasiyira ndani?"

Amayi onse anaseka mpaka wina anataya sopo m'madzi. Ndinapitiriza. Nditafika pamene mwamuna akuuza mtsikana kuti asalire, mkazi amene anamuona uja ndi msuweni wake chabe, ndipo mtsikanayo mtima n'kukhala pansi, kumtsinje kunabuka phokoso.

"Msuweni? Ndiye mtima wakhala pansi? Mayo ine! Msuweni ndiye mkazi wake weniweni ameneyo!"

"Kwawo msuweni ali ngati mlongo," ndinatero.

"Anakuuza ndani? Buku? Analemba ndi mwamuna bukulo."

Koma funso limene linkabwera Lamlungu lililonse linali la ankhoswe. Pamapeto pa nthano iliyonse wina ankafunsa kuti, kodi atsibweni ake a mtsikanayu anamva? Nanga kuchimuna anatuma ndani? Ndinkayankha kuti palibe, amangogwirizana awiri basi. Amayi aja ankapukusa mitu ngati amva za mwana wosiyidwa panjira. Komabe Lamlungu lotsatira ankandisungira mwala wabwino wochapira, pakati penipeni.

Disembala 1933

Khirisimasi ikamayandikira, amuna a ku Halale ndi ku Joni amene sanatchone ankabwera kudzaona kwawo. Ankadziwika ndi zipewa, masutikesi a malata ndi kayendedwe. Mmodzi wa iwo anali Edisoni, wa kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje, kunja kwa malo a esiteti. Ankaperekera zakudya pahotela ina ku Halale.

Tinakumana motere. Ndinkachokera kufakitale ndi phukusi la tiyi wa kunyumba yaikulu, iye akutsika chitunda panjinga yopanda mabuleki abwino. Anadutsa pachithaphwi, matope onse pa diresi langa loyera la ntchito. Anaima, n'kuvula chipewa.

"Pepani, achemwali. Koma nanunso mumayenda pakati pa msewu ngati bwanamkubwa."

Ndinangopitiriza ulendo wanga. Madzulo ake ndinalemba m'kabuku kanga kuti ndakumana ndi munthu wamwano. Othyola tiyi anaona zonse ali m'mizere yawo, ndipo Lamlungu mayi Filesi sanadikire n'komwe kuti nditule dengu la zovala.

"Wayamba wam'kwiyitsa! Tsopano tidikire mvula."

Mvula ya Disembala ku Thyolo siidikirika nthawi yaitali. Inandipeza pafupi ndi shedi yoyezera tiyi, ndipo nditathamangiramo ndinapeza iye ali momwemo ndi njinga yake. Ndinafuna kutuluka, koma kunja kunali mdima wa madzi. Ndinaima kungodya ina, iye kungodya ina. Anayamba ndi kupepesanso za diresi. Kenako anafunsa za ntchito yanga, ndipo nditamuuza sanaseke. Anati azungu a m'mabuku angawo amawadziwa, amawapatsira supu.

"Amabwera pahotela, amakondana masabata awiri, kenako aliyense sutikesi yake. Ife timangosintha nsalu za pabedi."

"Ndiye mabukuwa amanama?"

"Kaya. Mwina ena amakapitiriza kwawo. Ife timangoona potuluka."

Anandifunsanso chimene ndinkafuna kudzakhala ndikanapitiriza sukulu. Palibe munthu anali atandifunsapo zimenezo. Ndinati mphunzitsi. Anati ku Halale kuli sukulu za ana a anthu a kwathu kuno, ndipo aphunzitsi aakazi ndi osowa. Mvula itakata ndinazindikira kuti ndalankhula kuposa mmene ndinalankhulira chaka chonse.

Musaganize kuti ndinali wopusa. Ndinkaona ndithu kuti zinthu zikutsata buku, ndipo zimenezo zinkandiopsa m'malo mondisangalatsa. Koma kudziwa njira sikuletsa mwendo kuyenda. Ankandidikira pamtengo wa bulugamu wa pamphambano ndikamaweruka, n'kundiperekeza akukankha njinga, pakati pathu pali mpata woti n'kudutsa munthu. Pa Khirisimasi anabweretsa galamafoni kumudzi kwathu, ana n'kumasuzumira m'lipenga lake kufuna kuona woimbayo. Amayi anam'patsa mpando wa malemu bambo.

Januwale 1934

Chaka chitangoyamba anandiuza kuti akundifuna ukwati. Ndinayang'ana pansi n'kunena mawu amene mtsikana aliyense wa kwathu akananena: "Kaonekereni kwa atsibweni."

Anapita, ndipo anapita mwaulemu, ndi mkulu wake. Ine ndinamvera kuseri kwa nkhokwe. Atsibweni sanam'kane. Anati mwambo ndi wodziwika: mwamuna amabwera kwa mkazi, amamanga nyumba, amalima, anthu amamuona mtima wake. Pakapita dzinja limodzi kapena awiri, akhoza kupempha chitengwa, kuti amutenge mkazi kupita naye kwina, ndipo ankhoswe a mbali zonse amakhala pansi n'kuvomereza.

"Dzinja limodzi, bambo?" anatero Edisoni. "Chiphaso changa chikutha mwezi uno. Ndikachedwa, ntchito apatsa wina. Ndiponso ndikamanga pano, pamalo a mzungu, mawa lake kapitawo ali pakhomo ndi khasu. Kwathu tinasamuka kuthawa thangata ndili mnyamata. Ndilibwerere ndi mapazi anga?"

"Ife tonse tili momwemo, mwana wanga."

"N'chifukwa chake ndikufuna kum'chotsamo."

"Ukam'chotsamo, apongozi akowo agona kuti?"

Edisoni anati azitumiza ndalama. Atsibweni anati mzungu wa pano safuna ndalama, amafuna manja. Anasiyana bwinobwino, koma popanda chimene anamanga.

Mawa lake pabulugamu paja anandiuza maganizo ake. Lole yonyamula mabokosi a tiyi inkapita kusiteshoni ya Luchenza Lachisanu, ndipo woyendetsa anali mnzake. Tikwere limodzi. Ukwati tikadalitsa kutchalitchi ku Halale, za ankhoswe tidzakonza pobwera. Sanandikakamize. Anati, "Dorika, ine sindine wa masabata awiri. Koma sindingakhale kuno, ndipo kunama sindifuna. Ndikapita ndekha, sindidziwa chaka chimene ndidzabwere."

Masiku otsatirawo aliyense anandiuza zake, ndipo palibe ananena zimene ndinkayembekeza. Ndinkaganiza kuti mayi Filesi andiletsa, popeza iwo ndiwo ankanyoza nthano zija kuposa onse. Anandikokera pambali kumtsinje.

"Wanga anandiuza kuti tipite limodzi. Ndinakana chifukwa cha munda. Munda uwo uli apowo, ukubala nandolo chaka ndi chaka. Mwamuna ali kuti? Pita, chitsiru iwe."

"Nanga ankhoswe, mayi? Si inu munkafunsa za ankhoswe?"

"Ine ndinali nawo ankhoswe, awiri, a ndevu zawo. Andibwezera mwamuna?"

Atsibweni anamva mphekesera, ndipo anandiitana. Sanakalipe. Anati, "Iwe ndiwe mbumba yanga. Kumanga sindingakumange. Koma ukapita chopanda nkhoswe, akakakulakwira kumeneko ukadandaulira ndani? Ukadwala, adzatiuza ndani? Ukafa, tidzamva patapita chaka, kwa munthu wodutsa."

A Dona ndinawauza ndekha, chifukwa anamva kuti ndikuwerenga mzere umodzi kawiri. Anatembenukira kwa ine, nkhope itawala ngati ya mtsikana.

"Anakuthira matope? Ndiponso mvula? Dorika! Ndikupatsa sutikesi yanga yaing'ono."

Kenako anandiuza zimene sanandiuzepo. Iwonso anakumana ndi bwana kunyanja ya kwawo, iye ali patchuthi kuchokera kuno. Anali wopsa ndi dzuwa, ankasimba za mapiri obiriwira. Masabata ochepa okha, iwo n'kusiya amayi awo, kukwera sitima ya pamadzi. Ndinawayang'ana: mpando wansungwi, maso oyera, nyumba yaikulu yopanda mwana, mwamuna amene ankabwera kudzadya n'kubwerera kufakitale kapena kukalabu.

"Usandiyang'ane choncho," anatero. "Ndikumva kuti ukundiyang'ana. Mwezi woyamba ndinakondwa kuposa munthu aliyense padziko. Ena sakhala nawo ngakhale mwezi umodziwo."

Ndinafunsa chinthu chimodzi chokha. "Dona, ndikapita, nyumba ya amayi itsala?"

Ndikhulupirira kuti anali asanaganizepo. M'mabuku athu aja mtsikana akakwera sitima palibe denga limene limasasuka kumbuyo kwake. Anati alankhula ndi bwana. Analankhuladi, pa chakudya chamasana, ine ndili kuseri kwa chitseko ndi mbale. Bwana anati aona mawa.

Amayi okha ndiwo sananene maganizo awo. Ndinawafunsa kawiri. Koyamba anati, "Uli ndi mutu wako." Kachiwiri anatsokomola nthawi yaitali n'kutuluka kukaona mbuzi.

Lachinayi madzulo ndinapita pabulugamu paja. Mawu ndinali nditawakonza tsiku lonse, koma atafika onse anathawa. Ndinangoti, "Achimwene, muyende bwino." Anamva, chifukwa ndinali nditaleka kale kumutchula choncho. Anayang'ana chipewa chake nthawi yaitali. Kenako anati lole idutsa pamsewu wa kumunsi kwa nyumba yaikulu, ndipo auza mnzakeyo kuti ayende pang'onopang'ono pamenepo, mwina mtima wanga n'kutembenuka.

Lachisanu ndinadzuka kusanache, n'kupita kuntchito osalankhula ndi munthu. Sutikesi ya a Dona inali pakhonde, yopukutidwa. Sindinaikhudze. Masana ndinatenga buku limene tinkawerenga, n'kukhala pakampando panga.

"Ukadali pano?" anatero a Dona.

"Tinalekera pamutu wa khumi, Dona."

Lole inamveka ikutsika kuchokera kufakitale. Itafika kumunsi kwathu inachepetsadi liwiro, mpaka ndinkamva mabokosi akugundana. Pakati pa mitengo ndinaona munthu ataimirira pamwamba pa katundu, chipewa chili m'manja. A Dona anandigwira paphewa. Ine ndinapitiriza kuwerenga. Sindikumbukira liwu ndi limodzi lomwe la tsamba limenelo, koma ndikudziwa kuti sindinalumphe mzere. Kenako injini inakweza mawu, n'kumka izilala cha kumphambano.

Ndikuuzeni pompano, kuti musadikire monga mmene munthu amadikirira m'mabuku: sanatsike panjira, ndipo sanabwerere chaka chotsatira. Ndinamva patapita nthawi kuti anakwatira mkazi wa ku Mulanje amene analola kupita naye, ndipo ankamusunga bwino. Choncho sindinganene kuti ndinapulumuka kwa munthu woipa. Anali munthu wabwino. Ine ndinakhala kwa a Dona mpaka mng'ono wanga atakula n'kuyamba kuthyola tiyi, ndipo pamenepo amishoni anandilandiranso kuti ndiphunzire zauphunzitsi. Bambo anu ndinakumana nawo kumeneko, ndipo nkhani iyi ndinawauza tisanakwatirane.

Tsiku la lole lija nditaweruka ndinafika kunyumba dzuwa likulowa. Amayi anali pakhonde akusola nandolo. Atandiona manja awo anaima. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati munthu amene wabwera kuchokera kutali.

"Lole ija ndinaimva," anatero.

"Eya, amayi."

"Inachedwa pamunsi paja."

"Inachedwa."

Anadzuka pang'onopang'ono n'kulowa m'nyumba. Anatuluka ndi kaphukusi komangidwa m'nsalu yawo ya kutchalitchi, yokhayo yabwino imene anali nayo. Anati anakaika kuseri kwa chitseko m'mamawa kuti ndikatenge potuluka, koma ine ndinadutsa osakaona. Anakamasula pamphasa. Munali mtedza wokazinga, chinangwa chootcha, nthochi zouma ndi kamchere pang'ono m'tsamba, mchere umene unkasowa uja. Anali kamba wa paulendo, wokwanira anthu awiri.

"Amayi, mukanagona kuti?"

"Sindinaganize mpaka pamenepo," anatero. Kenako anaitana azing'ono anga. "Bwerani mudye. Akulu anu sanapite."